Funso kwa amene munalowapo pansi pa nyanja ndi thanki kumsana

Kambalame07: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ine ndili ndi ulendo opita ku chilumba china kotentha kuja kuli makorali, nde anzanga omwe ndikupita nawo akungokamba za scuba diving basi, akuti ukafika kumeneko osalowa pansi ndiye kuti ulendo wapita padera. Vuto ndi loti ine kusambira ndimadziwa koma kwa "bola ndisamire" osati kwa mpikisano kkkk. Kodi munthu ngati ine amamulola? Nanga okosijeni wa mu thanki muja akatha uli pansi zimatha bwanji? Nanga mashaki? Chonde musandiseke, ndiuzeni zoona zokhazokha.

Dzungu_Lalikulu: Mashaki kkkkkk funso loyamba la aliyense limenelo

Kamba_Wammadzi: Takulandirani achemwali, palibe akusekeni pano. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yongolawa, a PADI, bungwe lophunzitsa za diving, amaitcha Discover Scuba Diving, imatha tsiku limodzi lomwelo, mlangizi amakuonetsani zinthu zochepa pamadzi osaya kenako amalowa nanu ali pambali panu nthawi yonse ndipo simudutsa mamita 12. Imeneyo satifiketi mulibe. Yachiwiri ndi kosi yeniyeni ya Open Water, masiku atatu kapena anayi, muli kuwerenga, muli kuyeserera mu swimming pool kapena pamalo osaya, kenako kulowa m'nyanja kanayi. Mukakhoza mumaloledwa kufika mamita 18 muli ndi mnzanu. Pa kosi imeneyi kusambira amayesa ndithu, mamita 200 osaima koma sitayilo iliyonse ndipo palibe okuwerengerani nthawi, komanso kuyandama mphindi 10 pamadzi oti simungaponde pansi. Ngati zimenezo mungathe ndiye kuti kusambira kwanu kwakwana.

Kamba_Wammadzi: China, mu thanki muja si okosijeni yekha ayi. Ndi mpweya omwewu tikupumawu, okosijeni 21 pa 100, naitirojeni 78 pa 100, angousefa nkuupanikiza. Okosijeni yekhayekha ukamupuma utadutsa mamita 6 amasanduka poizoni, munthu amayamba kuphupha ali pansi pomwepo.

Kambalame07: Eeeh madala ndiye mwayamba ndi kundiopseza kkkk

Kamba_Wammadzi: Ayi ndikuti musaope chifukwa zimenezo simukumana nazo. Za kutha kwa mpweya, mumakhala ndi geji yolendewera pambali panu. Thanki imadzazidwa mpaka cha mma bar 200 (bar ndi muyeso wa presha), nde lamulo la malo ambiri ndi loti muzifika pamwamba mutatsala ndi 50. Mumayang'ana geji pafupipafupi, mlangizi nayenso amakufunsani ndi manja. Komanso aliyense amakhala ndi regulator (chopumira cha mkamwa chochokera ku thanki) yachiwiri, kawirikawiri yachikasu kuti izioneka msanga, imeneyo ndi ya mnzako akavutika. Nchifukwa chake salowa munthu yekha.

Dzungu_Lalikulu: Komanso achemwali dziwiranitu, pansi pamadzi chala chachikulu mmwamba sichitanthauza kuti "zili bho", chimatanthauza tiyeni tikwere. Mukasangalala ndi kamba nkukweza chala, mlangizi akutulutsani kkkk. Bho yake mumapanga kabowo ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala.

Wokayika_Thomasi: Ine ndingofunsa, makutu sapweteka? Chifukwa ine olo mu swimming pool ndikangotsika pang'ono makutu amakhala ngati aphulika

Kamba_Wammadzi: Amapweteka ngati simukuchitapo kanthu amwene. Madzi amakankha kachikopa ka mkati mwa khutu, nde mumayenera kulowetsa mpweya kuseri kwake kuti mbali zonse zifanane. Tsinani mphuno, uzirani pang'ono mphuno ili chitsinire, mumva kuti phu mkhutu. Ena amangomeza malovu kapena kugwedeza nsagwada. Chinsinsi chake muzichita musanayambe kumva kuwawa, mita iliyonse mukamatsika, makamaka mamita oyambirirawo. Likakana khutu osakakamiza, kwerani pang'ono muyesenso. Ndipo ngati muli ndi chimfine tsiku limenelo musalowe, olo mutalipira kale. Ena amamwa mankhwala otsegula mphuno nkulowa, koma mphamvu ya mankhwala ikathera pansi mpweya umakanika kutuluka mkhutu pokwera, ndipo kukwerako simungakane chifukwa thanki ikutha.

Kambalame07: Bwanji mukuti makamaka mamita oyambirira? Ine ndimaona ngati kuopsa kuli kuya kwambiri

Kamba_Wammadzi: Funso labwino limenelo ndipo apa mpamene pagona nkhani yonse ya diving. Pamtunda pano mpweya umatipanikiza ndi bar imodzi. Mamita 10 aliwonse a madzi amchere amaonjezera bar ina. Nde pa mamita 10 muli pa 2, pa 20 muli pa 3, pa 30 muli pa 4. Taonani bwino, kuchoka pamwamba kufika pa 10 presha yawirikiza kawiri, pomwe kuchoka pa 20 kufika pa 30 yangochoka pa 3 kufika pa 4. Kusintha kwakukulu kuli kufupi ndi pamwamba. Regulator imakupatsani mpweya pa presha yofanana ndi ya madzi okuzungulirani, nchifukwa chake mumapuma bwinobwino osamva kuthina. Koma mukakoka mpweya odzadza chifuwa pa mamita 10, nkuugwira, nkuthamangira pamwamba, mpweya uja umafufuma kawiri ndipo mapapo sangapirire, amang'ambika. Sizifuna kuya kwambiri zimenezi, olo mamita ochepa. Lamulo loyamba pa malamulo onse: osagwira mpweya, pumani nthawi zonse. Regulator ikachoka mkamwa muzitulutsa timathovu pang'onopang'ono mpaka mutaibwezera.

Masamu omwewo amakuuzaninso kuti pa mamita 30 thanki imatha msanga kanayi kuyerekeza ndi pamwamba. Nde anyamata okonda kudzitama kuti ine ndinafika kwakuti, dziwani kuti anaona zochepa kuposa amene anakhala pa 12 ola lathunthu.

Wokayika_Thomasi: Zonse mukunenazi zikungonditsimikizira kuti munthu sanalengedwe kuti azikhala mmadzi

Dzungu_Lalikulu: Nanga analengedwa kuti aziuluka? Koma ndege mumakwera a Thomasi

MayiWaAwiri: Mwatchula ndege mwandikumbutsa, achemwali musaiwale kuti simungadayive lero mmawa nkukwera ndege madzulo. Bambo Kamba tafotokozani bwino inu, ine ndimangodziwa kuti nzoletsedwa

Kamba_Wammadzi: Zoona mayi. Naitirojeni uja thupi siligwiritsa ntchito, koma mukakhala pansi pa presha amasungunukira mmagazi ndi mminofu, mukamapita kuya komanso mukamakhalitsa amalowa wambiri. Mukamakwera pang'onopang'ono amatuluka yekha kudzera mmapapo osamva kanthu. Mukakwera mothamanga zimakhala ngati botolo la chakumwa cha gasi lomwe mwalitsegula mwadzidzidzi, amapanga thovu mthupi momwemo. Thovu limenelo likakhala molumikizana mafupa ndi ululu osaneneka, likafika ku msana kapena ku ubongo munthu atha kufa ziwalo. Ndi matenda aja amati ma bends. Nchifukwa chake pali malire a nthawi, pa matchati a nthawi a PADI mamita 18 ndi mphindi 56, mamita 30 ndi mphindi 20 zokha. Masiku ano kompyuta ya pamkono ndi imene imawerengera zonsezi ndipo imalira mukamakwera mothamanga. Pomaliza timaima pa mamita 5 kwa mphindi 3 tisanatuluke. Za ndege, bungwe la DAN loona za chitetezo cha ma diver limati dikirani maola osachepera 12 ngati munalowa kamodzi, 18 ngati munalowa kangapo kapena masiku otsatizana, koma ambiri timangoti tsiku lomaliza lonse likhale lopuma. Mu ndege presha ndi yochepa kuposa pansi pano, ndiye kuli ngati mukupitiriza kukwera kuja.

Kambalame07: Nde ndikonze kuti diving ikhale masiku oyambirira a ulendo eti

MayiWaAwiri: Eya, koma osati tsiku lomwe mwafikalo muli otopa. Ndipo mowa usiku wake ayi, imwani madzi ambiri. Akupatsaninso fomu ya zaumoyo, muyankhe zoona, mphumu, khunyu, mtima, shuga, opareshoni ya khutu, zonsezo amafuna kalata ya dokotala kaye. Oyembekezera salowa nkomwe.

Anti_Ndere: Ndakhala ndikungowerenga, nonse mukukamba za thanki ndi makutu koma palibe wakamba za mwini wake wa malowo kkkk. Mwana wanga Kambalame, makorali amene ukupita kukaonawo ukudziwa kuti nchiyani?

Kambalame07: Si miyala yamitundumitundu anti? kapena zomera, kaya

Anti_Ndere: Ndi nyama. Chimene ukuchiona ngati mwala umodzi ndi mudzi wa tinyama tating'onoting'ono tambirimbiri, ma polyp, achibale ake a jellyfish, kalikonse kali ndi kakamwa kozunguliridwa ndi timanja. Timatenga zinthu mmadzi amchere nkumanga chigoba cha laimu pansi pake, nde gawo lamoyo ndi kachikopa kopyapyala pamwamba pokha, pansi ponsepo ndi zigoba za makolo awo zomwe zakhala zikusanjikizana zaka masauzande. Tsono chosangalatsa ndi ichi, mkati mwa mnofu wa tinyamati mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, dzina lake zooxanthellae. Nderezo zimapanga chakudya ndi dzuwa ngati mmene chomera chilichonse chimachitira, nkumagawira korali gawo lalikulu la chakudya chake, iye nkumazipatsa pokhala. Mtundu wambiri umene umauona umachokeranso ku ndere zomwezo. Nchifukwa chake makorali omanga matanthwewa amafuna madzi ofunda, oyera, osaya, oti dzuwa lizifika. Ndiye kwa iwe ndi mwayi, zokongola zambiri zili pakati pa mamita 5 ndi 20, sukusowa kupita kuya.

Anti_Ndere: Ndipo malo amenewa ndi ochepa zedi, sakwana olo gawo limodzi pa 100 la pansi pa nyanja zonse, koma pafupifupi kotala ya mitundu ya zamoyo za m'nyanja imadalira pamenepo.

Dzungu_Lalikulu: Anti auzeninso za mchenga uja kkkkk

Anti_Ndere: Iwe Dzungu ndiwe mwana oipa. Chabwino. Pali nsomba ina amati parrotfish, mano ake anagwirana nkukhala mlomo olimba, imapala ndere pa makorali nkumameza ndi laimu yemwe, ukakhala chete pansi umaimva ikukukuta. Laimu uja imamupera mmimba nkumutulutsa ali mchenga oyera. Nde mchenga wina omwe anthu amagonapo nkumajambulitsa pa zilumba zija unadutsa mmimba mwa nsomba.

Kambalame07: Aaaa anti mwandionongera zithunzi zanga ndisanajambule nkomwe 😂

Mjomba_Kamera: Poti mwayamba za makorali ndifunseko, ine nkhani yoti "osakhudza chilichonse" ndimaiona ngati anthu amaikokomeza. Ine ndimajambula, madzi akamakoka ndimaika chala chimodzi pamwala wakufa kuti ndikhazikike, chavuta nchani pamenepo? Mphepo yamkuntho imodzi imaswa makorali ambiri kuposa ma diver onse a chaka chathunthu

Anti_Ndere: Achimwene vuto loyamba ndi loti mukuti "wakufa", mwadziwa bwanji? Makorali ambiri amoyo ndi abulawuni, osawala, munthu osazolowera amaona ngati mwala wamba. Pamwamba pake pamakhala kamadzi kotelera komwe kamawateteza ku matenda, mukagwira mumakachotsa komanso mumafinyira mnofu pa chigoba chake chomwe chakuthwa. Chachiwiri, makorali aakulu obulungira aja amakula mwina sentimita imodzi pa chaka kapena kuchepera, anthambi ndi amene amafulumirako, ena cha mma sentimita 10. Nthambi yomwe fin yanu (chopalasira cha kuphazi chija) yathyola mu sekondi imodzi yatenga zaka. Mkuntho umabwera nkupita, malo nkupuma. Ma diver pamalo otchuka amabwera maboti maboti tsiku lililonse, chaka chonse.

Mjomba_Kamera: Koma ine ndanena chala chimodzi osati fin

Kamba_Wammadzi: Ndilowererepo. Mjomba sakunama kwenikweni, alangizi ena amaloladi chala chimodzi pamwala opanda kanthu ngati madzi akukoka kwambiri, kusiyana nkuti munthu akokoloke nkukagwera pa korali thupi lonse. Koma ine zomwe ndimaona, amene amafuna pogwira nthawi zambiri vuto si madzi, vuto ndi loti sanaphunzire kuyandama pakati, osamira osakwera. Ndipo ojambula ndi amene amaononga kwambiri osadziwa, maso ali pa kamera, chala chili pamwala mwaulemu ndithu, koma kumbuyoku ma fins akupuntha zinthu.

Achemwali Kambalame, ngati pali chinthu chimodzi choti mukalimbikire pa kosi ndi chimenechi. Mumavala lamba wa mtovu kuti mumire chifukwa thupi ndi wetsuit (chovala chothina cholowera mmadzi) zimayandama, ndiye mumavalanso jekete ija BCD yomwe mumaipopa mpweya kapena kuuchotsa. Malo ambiri ophunzitsa amakonda kumupatsa munthu watsopano mtovu wambiri kuti asavute kutsika, nde munthu uja amakhala miyendo pansi mutu mmwamba, akupalasa ngati akukwera masitepe, mchenga uli kobo, mchengawo nkumakagwera pa makorali nkuwatseka. Mpweya nawo umatha msanga chifukwa akulimbana ndi madzi. Muyeso wake ndi uwu, muli pamwamba, BCD yopanda mpweya, mwakoka mpweya wa masiku onse, madzi azikufikani mmaso. Mukatulutsa mpweya muziyamba kumira pang'onopang'ono. Mukakhala pansi BCD mumangoigusa pang'ono pang'ono, zotsalazo ndi mapapo anu, mukakoka mpweya mumakwera pang'ono, mukatulutsa mumatsika, koma zimachedwa sekondi imodzi kapena ziwiri nde atsopano amaona ngati sizikugwira nkupopanso jekete kenako ali vuu ulendo wa pamwamba. Gonani chafufumimba, mawondo opinda, manja pachifuwa, manja sasambirira pansi pamadzi. Dziwaninso kuti wetsuit imafinyika mukamatsika ndiye mumalemera, pomwe thanki imapepuka ndi makilo pafupifupi awiri mpweya ukamatha.

Mjomba_Kamera: Chabwino madala ndamva, koma ndikanakondabe kuti tizinena zoona kuti chikupha makorali si chala changa

Wokayika_Thomasi: Apa nde ndili mbali ya Mjomba. Si paja akuti makorali akufa ndi kutentha kwa nyanja? Nde kumuvutitsa munthu wa kamera pomwe mafakitale akufuka utsi usiku ndi usana ndi chilungamo chimenecho?

Anti_Ndere: Pa kukula kwa vuto simukulakwa a Thomasi, kutentha ndiye chimphona. Madzi akatentha ndi digiri imodzi yokha kuposa mmene amafikira nyengo yotentha, nkukhala choncho masabata angapo, mgwirizano wa korali ndi ndere uja umasokonekera, korali amazilavula. Mnofu wake umatsala oonekera mkati, ukuona chigoba choyera mbee. Apo sanafe, koma ali ndi njala, madzi akazizira msanga ndere zimabwerera, akachedwa amafa ndipo ndere zina zaubweya zimamera pamwamba pake. Zachitikapo pa dziko lonse nthawi imodzi mu 1998, mu 2010, kuyambira 2014 mpaka 2017, ndiye mu April 2024 a NOAA, bungwe la ku America loona za nyanja ndi nyengo, analengeza kuti kachinayi kali mkati. Cha 1998 chinapweteka kwambiri nyanja ya Indian, ku Maldives ndi ku Seychelles makorali ambiri a mmadzi osaya anatha. Koma mfundo yanga ndi iyi, malo amene akudwala kale ndi amene safunika kuwaonjezera zina. Pamene nsomba zodya ndere zilipo zambiri, madzi ndi oyera, palibe nangula ogwetsedwa pamwamba pake, makorali amabwerera msanga. Pamene pali zonyansa za mmahotela, mabomba ophera nsomba ndi mapazi a alendo, amalephera. Utsi wa mafakitale simungauzimitse muli patchuthi, koma fin yanu muli nayo ulamuliro.

Wokayika_Thomasi: Ndiye kuli bwino kungoletsa diving yonseyo basi

MayiWaAwiri: Ayi nanga anthu a pachilumbapo adya chani? Malo ambiri ndalama za ma diver ndi zomwe zimalipira olondera, ndipo msodzi akaona kuti shaki wamoyo akubweretsa alendo chaka ndi chaka amasiya kumupha. Nkhani ndi malamulo. Ku Bonaire, ku Caribbean uko, nyanja yozungulira chilumba chonse ndi paki kuyambira 1979, nangula saponya pa makorali amamangirira pa zoyandama zomwe anaika kale, magolovesi ndi oletsedwa dala kuti munthu aziopa kugwira, ndipo diver aliyense amalipira ya paki

Dzungu_Lalikulu: Ku Sipadan ku Malaysia anachita kuchotsa mahotela onse pachilumbapo mu 2004, pano ogona kulibe, umachokera zilumba zoyandikana ndipo ma permit a tsiku ndi owerengeka. Ku Thailand anatseka Maya Bay mu 2018 chifukwa cha kuchuluka kwa maboti, anadzatsegula mu 2022 ndi malamulo okhwima

Anti_Ndere: Onjezerani Palau, kuyambira 2020 analetsa mafuta odzola oteteza ku dzuwa omwe ali ndi mankhwala ngati oxybenzone, Hawaii nayo inaletsa kugulitsa mu 2021. Nde Kambalame uwerenge botolo lako usananyamule, kapena ungovala malaya a mikono yaitali osambirira aja, ndi bwino kuposa kudzola thupi lonse. Ine chitsanzo chomwe chimandisangalatsa ndi Apo Island ku Philippines, kachilumba kakang'ono, asodzi eni ake anavomera mu 1982 kupatula kagawo kena ka makorali kuti pasaphedwe nsomba, patapita zaka nsomba zinachuluka mpaka kumasefukira kunja komwe amaloledwa kupha.

Dzungu_Lalikulu: Nkhani ina yapambali, mukudziwa kuti ku Maldives mu 2009 pulezidenti Mohamed Nasheed anachititsa msonkhano wa nduna pansi pa nyanja, onse atavala ma thanki, matebulo ali pamchenga, kuti dziko lione zoti zilumba zawo zikumira? Tangoganizani nduna ikufuna kutsutsa koma mkamwa muli regulator kkkkk

Admin: Dzungu tisalowe ndale chonde, tibwerere pa funso la mlongo wathu

Kambalame07: Kkkk zikomo a admin. Koma mashaki aja simunandiyankhe mpaka pano, mukundizemba

Kamba_Wammadzi: Sitikuzemba. Omwe mungawaone pa makorali kawirikawiri ndi ang'onoang'ono, a nsonga zoyera kapena zakuda pa zipsepse, ndipo amathawa phokoso la thovu lanu, a nsonga zoyerawo masana amangogona pamchenga kapena mmapanga. Mudzapeza kuti mukuchita kuwasaka kuti muwaone. Zoyenera kusamala nazo ndi zina. Stonefish imaoneka ndendende mwala, minga yake ya pamsana ili ndi ululu oopsa, chifukwa chinanso chosagwirira "mwala wakufa" a Mjomba. Lionfish yokongola ija nayo minga yake imabaya. Fire coral mukangokhudza khungu limaotcha masiku. Akakubayani a minga awa thandizo loyamba ndi kuviika mmadzi otentha omwe mungapirire kenako kuchipatala. Moray eel imangoti kukamwa yasa yasa ili mphanga, sikukuopsezani ikupuma, bola osapisa dzanja mmabowo.

Dzungu_Lalikulu: Mwaiwala titan triggerfish madala, chigawenga chenicheni ndi chimenecho osati shaki. Nyengo yoikira mazira imalondera chisa chake pamchenga ndipo imathamangitsa munthu nkumaluma ma fins, mano ake ndi oswera zigoba. Malo omwe imatetezawo amatambasuka kupita mmwamba, nde ukathawira pamwamba umakhala udakali mdera lake, thawa chammbali ma fins ataloza kwa iyo

Kambalame07: Nde ndikuopa nsomba yoikira mazira tsopano mmalo mwa shaki, zikomo kwambiri gulu 😭

MayiWaAwiri: Musaope achemwali, ma guide amadziwa pomwe pali zisa. Ine ndikuuzeni zabwino zake poti awa angokuuzani zoluma. Mukapeza pomwe tinsomba tating'ono ta mzere wabuluu timatsuka zinzake, imani patali pang'ono muone, chinsomba chachikulu chimabwera nkuyasamula, kansomba nkulowa mkamwa kukachotsa tizilombo nkutulukira ku makha osadyedwa, zina zili pamzere kudikira. Ndiye akamba, akamadya sasamala za munthu bola osawathamangitsa kapena kuwatsekera njira yokwerera chifukwa amapuma mpweya ngati ife. Anthu othamanga amadutsa zonsezi osaona

Anti_Ndere: Ndipo ka clownfish kaja kokhala mu anemone (kanyama kooneka ngati duwa), mbanja mwawo wamkulu kwambiri ndi wamkazi, akafa mwamuna wamkulu amasintha nkukhala wamkazi. Sindikuwonjezera ndemanga kkkk

Mjomba_Kamera: Langizo la kamera ndiye ndipereke ine poti mwandiweruza kale. Pansi pamadzi mitundu imazimirira, ofiira ndi umene umayamba kusowa mukangodutsa mamita 5, kenako olenji, kenako chikasu, pa 20 zonse zimaoneka zabuluu ndi zobiriwira. Mukaona zithunzi zowala pa intaneti dziwani kuti anaunikira ndi nyali. Nde musakhumudwe, tengani katochi olo masana muunikire pansi pa matanthwe muone mmene kufiira kumabwerera. Komanso mu mask zinthu zimaoneka zazikulu ndi gawo limodzi mwa atatu komanso zapafupi, ndiye Dzungu akamati anaona nsomba yaitali ngati iyeyo muzichotserako

Dzungu_Lalikulu: Mjomba zanu izo

Kamba_Wammadzi: Koma kamera pa kosi siyani mchikwama achemwali, manja ndi mutu zikhala ndi ntchito yokwanira.

Kambalame07: Chabwino nde mwa ziwiri zija ndisankhe iti, yongolawa kapena kosi? Masiku ndili nawo okwanira

Kamba_Wammadzi: Ngati masiku alipo pangani kosi. Yongolawa ija mlangizi amakugwirani ndi kukukonzerani chilichonse, mumaona nsomba inde koma simuphunzira kudziyendetsa. Zowerenga mutha kumalizira pa intaneti musananyamuke kuti kumeneko mukangolowa mmadzi. Kaya ndi PADI kaya SSI kaya CMAS, onsewo ndi mabungwe ophunzitsa, musavutike nazo, makadi awo amalandiridwa malo ambiri, chofunika ndi mlangizi amene mwamupeza. Mukafika pamalopo funsani kuti mlangizi mmodzi amatenga ophunzira angati, ochepa ndiye abwino. Funsani ngati mu boti muli okosijeni wa ngozi, komanso chipinda cha presha chothandizira odwala ma bends chili kuti chifukwa zilumba zina chili kutali koti mpaka ndege. Onani mapaipi a regulator ngati ali ong'aluka. Inshuwalansi yanu ya ulendo muwerenge ngati ikuphatikiza diving, zambiri siziphatikiza. Ndipo akakuuzani kuti kosi yonse mumaliza tsiku limodzi ndi theka, kapena mukaona guide akunyamula nyama kuti alendo ajambule, kapena kudyetsa nsomba, pitani pena.

Wokayika_Thomasi: Ine ndidzakudikirirani mu boti, wina azisunga matawulo

MayiWaAwiri: Mu boti loima pa mafunde ndi momwe anthu amasanza kwambiri a Thomasi, pansi kumakhala bata kkkk. Achemwali ngati mumachita chizungulire pa boti funsani dokotala mankhwala osagonetsa, muwayese tsiku lina musanapite

Kambalame07: Lomaliza ndithu, ine ndimavala magalasi a maso, popanda iwo olo nkhope ya munthu sindiizindikira. Ndipanga bwanji mu mask?

Kamba_Wammadzi: Magalasi salowa mu mask, timikono take timalowetsa madzi. Pali ma mask okhala ndi magalasi a mphamvu ya maso anu, malo ena amabwereketsa koma osadalira, bola kugula yanu musanapite mutatenga pepala la muyeso wa maso anu. Poyesa mask ikani pankhope osakoleka lamba, kokani mpweya pang'ono ndi mphuno, ikamamatira osagwa ndiye yakukwanani. Ma contact lens ofewa nawonso amatheka, kungoti pa kosi pali gawo lomwe mumavula mask pansi pamadzi nkuivalanso nkutulutsa madzi pouzira ndi mphuno, pamenepo mutsinzine kuti asakokoloke, ndipo mumuuziretu mlangizi kuti azikugwirani paphewa mmalo mokupatsani sayini ndi manja.

Kambalame07: Kuvula mask pansi pamadzi??? Imeneyo simunanene poyamba paja madala

Dzungu_Lalikulu: Kkkkkk amasungira kumapeto dala. Yambani kuyeserera mu swimming pool ndi snorkel (kapaipi kopumira) yokha opanda mask, nkhope mmadzi, kupuma ndi pakamwa mphuno ili mmadzi osaitsina, mukazolowera zimenezo gawo limenelo simulimva nkomwe

Kambalame07: Ok ndiyesa Loweruka, ndidzakuuzani mmene madzi alowere mphuno